Chithunzi cha kuphanga, tsiku loika azakhali

Mwaswera bwanji nonse.

Tafika ku Edmonton masana ano kuchokera ku holide ku Mallorca. Titakwera masitepe a pa flat, tapeza amayi a kutchalitchi atakhala pakhomo, atavala zitenje. Mwana wanga Tadala anali atakolekera paphewa ng'ona yake yopopa yosambirira, mchenga udakali m'nsapato. Mmodzi wa iwo, Mayi Phiri, anangoti, "Tsegulani tilowe, mukhale kaye pansi." Ndinadziwiratu.

Akuti azakhali a Esnati anatisiya Lachiwiri ku Zomba, ndipo munawaika Lachinayi. Akutinso munatsegula gulu lina la pa foni lopanda ine, kuti ndisamve ndili pa ulendo ndi mwana.

Lachinayi limenelo ndi tsiku lomwe tinalowa m'phanga. Tinavala zipewa za tochi pachipumi, n'kumakwawa m'matope mpaka kukafika padziwe la pansi pa nthaka. Titatuluka ndinaponya chithunzi muno, mano onse pamtunda, inu n'kuikapo timitima. Ndachiyang'ananso pompano. Achimwene a Gift, inu munayankha kuti, "Koma ndiye mukunjoya, chemwali." Nthawi imeneyo n'kuti muli kumanda.

Sindikukalipira munthu. Mwambo wake ndikuudziwa, ndipo mwina ndege sindikanaipeza n'komwe. Kungoti azakhali aja ndi amene anandilera, ndipo pomwe inu mumakwirira, ine ndimasankha ayisikilimu.

Tadala wandifunsa monong'ona m'Chingerezi ngati aphwetse ng'onayo alendo asanaione. Ndamuuza kuti aiona kale.

Ndiye akuluakulu, ndiuzeni. Chithunzi chija ndichifute, kapena chikhale pomwepo ndi timitima tanu tija?