Chitsime Nambala Seveni

A Mabotolo anagwira ntchito zaka makumi atatu pa fakitale yopera mwala wakuda wopangira mabatire. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. Mwezi uliwonse ankatunga madzi m'zitsime khumi zoyesera, zokumbidwa mozungulira dziwe lotayiramo madzi otsukira mwalawo, n'kukasiya mabotolo khumi ku labu kuti madziwo akayezedwe. Zotsatira sanazionepo. Wotunga safunsa.

Popuma ntchito anawapatsa wotchi yapakhoma ndi masheya makumi anayi a kampaniyo. Wotchi inafa mwezi wachitatu. Masheyawo ndiwo ankawabweretsera lipoti la pachaka ndi mpando wakumbuyo pa msonkhano wa eni kampani.

Lipoti ankaliwerenga lonse, cholembera chofiira chili m'manja. Chaka china anapeza mawu akuti zitsime zonse zisanu ndi zinayi zili bwino. Anatsata manambala ndi chala: faifi, sikisi, eyiti. Seveni panalibe. Seveni ndi cha kumunsi kwa dziwe, ndipo chapompo, kuseri kwa mpanda wa fakitale, mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake anakumba chitsime chomwe adzukulu atatu amamwa.

Analembera kampani makalata atatu. Anayankhidwa kamodzi, kuwathokoza chifukwa cha chidwi chawo.

Pa msonkhano mafunso amalembedwa pa kakhadi, mlembi n'kusankha oti awerenge. Anasankha la munthu wofunsa ngati chaka chamawa kudzakhalanso makapu aulere. A Mabotolo anaimirira.

"A wapampando, chitsime nambala seveni chapita kuti?"

"Bambo, funso lanu tililandira mwa kalata."

"Munalandira katatu. Chitsime sichisamuka. Chili kuti?"

Wapampando ananong'onezana ndi mnzake wa tayi yofiira. "Chimenecho tinasiya kuchigwiritsa ntchito. Tipite pa mfundo yotsatira."

Anthu anaomba m'manja. Amaombera chilichonse tiyi akayandikira.

Wothira tiyi anali mayi amene amatsuka mabotolo ku labu, mnzawo wakalekale.

"Achimwene, ukali sunathebe? Shuga angati?"

"Atatu. Ndi wanga yemwe, ndine mwini kampani."

"Mwini kampani wa jekete yong'ambika m'khwapa!"

"Achemwali, masiku ano mumatsuka mabotolo angati pamwezi?"

"Khumi, ngati kale." Mayiyo anapukuta sipuni osawayang'ana. "Limodzi amati ndizilitsuka palokha, nditavala magolovesi. Bisiketi mutenga?"

Sanatenge. Anadzera ku sitolo ya zitsulo, nagula loko wamkulu ndi tcheni. Pofika kwa mwana wawo anapeza mkamwini akusenda nzimbe pakhonde. Anangomudutsa, nakakulunga tcheni pa chivundikiro cha chitsime.

"Apongozi, mwatani? Chitsimetu ndinakumba ndekha!"

"Munakumba bwino. Musamwenso."

"Ndiye timwe chiyani?"

"Kwanga kuli mpopi."

"Mtunda wonse uja?"

"Wilibala muli nayo. Yachita dzimbiri ndi kukhala, ngati mwini wake."

Mwana wawo anatuluka m'nyumba, wamng'ono ali kumsana, kapu ya madzi ili m'manja. "Ababa, a kampani anena kuti madziwa ndi oipa?"

"Sananene kanthu, mwanawe. Akanakhala abwino, akanawajambula n'kuwaika pachikuto."

Anamulanda kapuyo, nathira madziwo pansi, kutali ndi nkhuku.