Tsiku limene ndinathawira apongozi mu simenti

Kuwerenga ndinayambira pa migolo ya simenti. Zilembo zake zinali zikuluzikulu zoyenera mutu wanga, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkaziwerenga chozondoka, poti migoloyo ankaiimika mmene afunira.

Tinali pa mishoni ina kufupi ndi Katete, tikuyala njira yochokera kunyumba ya mbusa kukafika pakhomo la tchalitchi. Tinkaumba njerwa zazikulu zathyathyathya, zimene lero mumati masilabu. Tinkasakaniza simenti ndi mchenga, kuthira m'zikombole zamatabwa, kudikira masiku kuti ziume, kenaka n'kuziyala pamchenga motsata chingwe. Akapitawo anali atanena kuti palibe wochoka njira isanafike pakhomo. Wochoka asadzaonekenso, ngakhale m'kalasi ya ubatizo.

Ine ndinali mkamwini chaka chachitatu kumudzi kwa mkazi wanga, cha ku Mkaika. Apongozi aakazi anali atalola kuti ndikawalimira munda wonse mvula isanagwe, adzandipatsa chitengwa, ndimutenge mkazi wanga tikakhale kwathu. Mitambo inayamba kuda ine ndikadagwada pamchenga. Madzulo ndinkawerenga masilabu otsala, koma m'maso mwanga sankachepa.

Tsiku lina m'mawa tinali titangothira zikombole khumi ndi ziwiri m'mbali mwa njira. Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi akubwera m'njira yathu yomweyo, khasu langa lili paphewa pawo. Mkamwini sakumana maso ndi apongozi, amapatuka. Kumanja kunali khoma, kumbuyo ngolo ya mchenga. Miyendo sinafunse mutu. Ndinalumphira kumanzere, ndipo ndinaponda zikombole zisanu ndisanafike paudzu, pamene ndinanjuta nditayang'ana kumbali.

Anzanga anaseka mpaka kukhala pansi. Mmodzi anati ulemu wotere sanauonepo, wofika m'akakolo. Akapitawo sanaseke. Anati zisanuzo ndiumbenso ndekha, ndipo ndidikire mpaka ziume.

Apongozi anaima chondifulatira, nalankhula ndi mtengo wa mango umene unali pamenepo.

"Muwauze bambo awo kuti khasu lawo ndi ili. Likuchita dzimbiri kwathu. Kapena kuno kuli munda."

Ndinayankha kudzera mumtengo womwewo kuti ndamva, atsala masiku ochepa. Anatsamiritsa khasulo pakhoma n'kubwerera, osamwa ndi madzi omwe.

Masiku ochepawo anakhala masabata awiri. Nditafika kumudzi ndinapeza chimanga chitamera kale. Amene anabzala anali alamu anga. Palibe anandikalipira. Mkazi wanga anandipatsa madzi osamba, nandiuza motsitsa mawu kuti amayi akuti za chitengwa tidzakambe chaka china, poti munthu wosadziwa nyengo ya mvula sangapatsidwe mwana wa eni kupita naye kutali.

Chaka chinacho chinachedwa. Ana athu anayi onse anabadwira kumudzi komweko, ndipo nyumba imene ndinamanga kwathu inagwa osagonamo munthu.