Zitenje Zopita Kumudzi kwa Ansembe

Chithunzicho chinkakhala pamwamba pa kabati, chitafiirira m'mbali ngati tsamba la fodya. Munali katchalitchi kamiyala, ana asukulu atandanda kutsogolo kwake. Eni ake anali ansembe okalamba a ku France, amene amayi ankawachapira zovala ku Limbe. Chaka china, nyengo ya chiperoni, ndinkapita nawo chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira.

Ndinalibe mnzanga pamalopo. Ansembewo nawonso ankangokhala okha, miyendo itatupa, Misa akuchititsa ena. Ndiye tinkakhala awiri pakhonde, khofi wawo akununkha, ine ndikunyambita jamu wapabuledi. Ankaloza ana a pachithunzi ndi chala: uyu anapita kutauni, uyu anamwalira, uyu kaya. Kumudzi kwawo ku France sukulu inatsekedwa, wophika buledi anasamuka, minda yonse anaigula munthu mmodzi wathalakitala. "Kwathu kwatsala nkhalamba ndi belu," ankatero m'Chinyanja chawo chodzera m'mphuno. Ine ndinkangoseka. Mudzi ungathe anthu ngati shuga m'chitini?

Kenaka akuluakulu awo analamula kuti abwerere kwawo akapume. Anakana, anachonderera, ati mudzandiike konkuno, koma sizinamveke. Mpingo wonse unali kuwasangalalira. Kwa ife wopita kumudzi ndi wamwayi, ndipo sapita chimanjamanja. Azimayi anasonkha mtedza, mpunga, ndi zitenje mulu, zoti akagawire abale. Lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Tinaipweteka nkhalamba ija ndi chikondi chathu chomwe, tikuimba ndi kululutira.

Tsiku lotsanzikana amayi anagwada, nkupereka chitenje chawo chatsopano chimene ankasungira Khirisimasi.

"Ichi mukawapatse achemwali anu, abambo. Mukapereke moni kwa onse kumudziko."

Ansembe anachigwira nthawi yaitali, akusisita maluwa ake ndi chala.

"Zikomo, mayi. Ndikayang'ana woti ndimupatse."

Pobwerera m'minibasi, mawindo atachita nkhungu, ndinali nditakwiya. Chitenjecho ndinkachisirira ine, ndipo jamu wanga anali atapita. Ndinauza amayi kuti ansembe aja ndi oumira, zitenje zonse zija akangozitsekera m'sutikesi. Amayi ananditsina pantchafu, nkuyang'ana kunja mpaka tinafika pasiteji.

Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti munthu angatsike galimoto pakhomo pomwe anabadwira, nkuima ndi katundu wake, osatuluka ngakhale mmodzi womulandira.