Kanyali Kamene Tinakamata ndi Tepi

Achimwene anga lero sangathe kugwira ngakhale supuni ndi dzanja lamanja, dzanja lomwe linkamasula mabawuti adzimbiri ngati kusenda nthochi. Adokotala anati tikanafika msanga kuchipatala, mwina zikanachepako. Tinachedwa chifukwa galimoto yanga inazima panjira, ndipo ine ndinkadziwa kuti tsiku lina idzazima. Ndinangokhala chete chifukwa cha ulemu. Inu owerenga, ndimvereni, mwina wina mwa inu akusunga m'kamwa mawu onga amene ndinasunga ine.

Ndine mayi wogulitsa nsalu mu Msika wa Lilongwe. Makolo athu atamwalira, anandilera ndi achimwene amenewa, makaniko a ku Old Town, kuseri kwa msika komweko. Sukulu ndinaphunzira ndi sipanala yawo. Kwa ine iwo ndi bambo. Munthu wabwino mtima, koma makani ake, abale! Akati chakuti n'chakuti, olo mubwere ndi abusa sasintha.

Mafuta atayamba kusowa, tonse n'kumaswera pamizere, ndinagula kagalimoto kochokera ku Japan koperekera nsalu m'maofesi a ku City Centre. Wogulitsayo anandionetsa zilembo zitatu pachivundikiro cha injini, VVT. Anati injini zamakonozi zimasintha zokha nthawi yotsegula ndi kutseka mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Ukamakwawa pamzere injini imapuma mwina, ukamakwera chitunda imapumanso mwina, ndiye siimwa mafuta ambiri. Sananame. Anzanga akamalira ndi mafuta, ine ndinkangodutsa, matama ali thoo.

Nthawi yosintha oyilo itakwana ndinapita nayo kwa achimwene. Nanga munthu ungapite kwa mlendo mbale wako ali ndi galaja? Akumudzi akamva angati chiyani? Ndinatenga kabotolo ka oyilo wopepuka amene wogulitsa uja anandiuza. Achimwene anamugwira ndi zala, n'kuseka mpaka kutsokomola.

“Awa ndi madzi, iwe. Kutentha kwa kunoku injini imafuna oyilo wolemera.”

Anatunga mudiramu yawo, oyilo yemweyo amene amathira m'maminibasi ndi m'malole akale. Ine ndinathokoza n'kumapita.

Patapita miyezi, galimoto inayamba kuchita gwedegwede ndikailiza m'mawa. Mafuta inayamba kumwa ngati chidakwa, ndipo kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka kanyali kachikasu. Achimwene anagunditsa sukuludiraiva painjini, khutu kuchigwiriro, n'kumvetsera. Anati injini ili bwinobwino, magalimoto a masiku ano ndi amantha, amalira ndi chimfine chomwe. Kenaka anadula tepi yakuda n'kumata pakanyali paja. “Basi, yachira,” anatero. Anzawo apagalaja anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Tsiku lina ndinaperekeza mnzanga wa kutchalitchi kwawo ku Area 47. Amuna ake amakonza magalimoto amakono ndi kompyuta. Atangomva kulira kwa injini pageti, anandipempha kuti aione. Analumikiza kachipangizo kawo, anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupukusa mutu. Anandifotokozera kuti chimene chimasuntha nthawi ya mavalavu aja ndi oyilo amene, ndipo amadutsa m'tinjira ting'onoting'ono ndi kasefa kosaposa chikhadabo. Oyilo wolemera ndi wakuda amatseka tinjirato, chosunthacho n'kukakamira malo amodzi. Anati ndibwere nayo aitsuke, asinthe oyilo, mwinanso kachitsulo kamodzi. Ndikapanda kutero idzandizimira pamzere, ndipo idzakana kulira.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine khutu ananditsina ndithu, ndipo ndinamva.

M'mawa mwake ndinapita kugalaja mawu ndawakonza bwinobwino. Ndinapeza achimwene ali pakati pa anzawo. Atandiona anamenya pabonati n'kunena mokweza kuti galimoto ya mlongo wawoyi amaisamala okha, palibe wina angaikhudze. Nkhope yawo inkawala ndi kunyada. Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti nzeru zawo zatha ntchito, pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa okha? Ndinangofunsa za alamu ndi ana, n'kubwerera kumsika.

Ndinaganizapo zokakonzetsa mobisa. Koma achimwene ndikangoima pagalaja, moni asanapereke, ankayamba asolola kachitsulo ka oyilo. Akanaona kuti wasintha, ndipo zikanawapweteka kuposa mbama. Ndiye ndinkangoti mawa, sabata yamawa, mwezi ukatha. Galimoto inandizimirapo pamaloboti, koma inkalira ndikayesanso. Ndinkati Mulungu alipo.

Tsiku latsokalo kunali dzuwa loswa mtengo. Ndili kumsika, anzawo apagalaja anandiimbira kuti achimwene agwa. Ndinawapeza ali gone pansi, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. Pagalaja panali magalimoto ambirimbiri, koma onse ali pamiyala, ena opanda injini. Yoyenda inali yanga yokha. Tinawanyamulira kumpando wakumbuyo, mnzawo mmodzi atawagwira mutu, ine n'kuliza.

Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe tinapeza mzere. Kuyenda pang'ono, kuima. Kuyenda pang'ono, kuima. Injini inayamba kunjenjemera, ine ndikudziwa chimene chikubwera. Titangowoloka, pachitunda, inangoti zii. Ndinapotokola kiyi, inakana. Ndinapotokolanso mpaka batire inayamba kufooka. Kumbuyo mahutala, makondakitala kutukwana, wina kukuwa kuti azimayi kuyendetsa simutha. Ndinatuluka ndikulira, ndikugogoda mawindo a magalimoto a eni. Ambiri ankangokweza galasi, ankayesa ndine wamisala kapena wakuba. Akabaza anabwera, koma munthu wolefuka thupi lonse mungamukhazike bwanji panjinga? Mpaka bambo wina wa pikapu yonyamula simenti anatichitira chifundo. Achimwene anga anafika kuchipatala atagona pamatumba a simenti, tsitsi lili mbuu.

Inali sitiroko. Moyo anapulumuka, koma mbali yonse yakumanja inafa. Galaja inatsekedwa. Kaya tikanafika msanga akanachira, sindikudziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandidya. Galimoto ija amuna a mnzanga aja anaikonza tsiku limodzi lokha. Tepi ndinamatula ndekha, ndipo ndinalira ngati mwana.

Inu owerenga, ndikukupemphani. Magalimoto asintha. Injini yamakono ipatseni oyilo amene inalembedwera, musinthe pa nthawi yake, ndipo kanyali kakayaka pitani kwa amene ali ndi chipangizo chofunsira galimotoyo. Musamate. Inunso amakaniko akale, manja anu timawalemekeza, koma kufunsa sikuchotsa imvi. Ndipo inu amene muli ndi wamkulu amene akulakwitsa, muitanireni pambali, mugwade ngati n'kofunika, koma munene. Akwiye sabata imodzi, adzakhululuka. Ine ndinaopa kuwachititsa manyazi achimwene, ndipo ndinawasiya agone pasimenti pakati pa tauni.

Choipa kwambiri n'chakuti mpaka lero sindinaphunzire. Achimwene za tsikulo sakumbuka, ndipo alamu anandipempha kuti ndisawauze. Lamlungu lililonse ndimakawaona. Ndimawapeza pakhonde, dzanja lija lili pamwendo. Akamva galimoto ikulowa, ikulira mosalala, amatchera khutu, kenaka amandifunsa movutikira kuti ikuyenda bwanji.

“Ikuyenda bwino, achimwene.”

Amamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. “Ndinakuuza ine. Oyilo wolemera.”

Ndipo ine ndimavomera kuti eya, achimwene, munandiuza.