Kawaya Kofiira ka Pabedi la Abambo

Abambo atafa ziwalo mbali yakumanja, ndinawagulira bedi lakale lakuchipatala, lija limadzutsa mutu ndi magetsi. Pansi pake panali mota ya mkono wachitsulo. Ukadina batani, mkonowo unkatalika n'kukankhira kumutu kwa bedi m'mwamba. Abambo sankayenera kugona chagada nthawi yaitali chifukwa makhololo ankawatsamwitsa.

Tsiku lomwe tinalowetsa bedilo m'nyumba mwathu ku Magwegwe, mumzinda wa Bulawayo, ndinaona kawaya kofiira kakulendewera pamotapo, kali ndi kachogwirira kapulasitiki kumapeto. Abambo anagwira ntchito ya zitsulo moyo wawo wonse, ndipo anandilera ndi lamulo limodzi: pamakina pasalendewere kanthu, chogwedera umange, chopanda ntchito uchotse. Makofi ndinalandira osawerengeka chifukwa cha lamuloli. Choncho ndinatenga pulayala n'kudula kawayako iwo akuyang'ana. Kulankhula anali atasiya, koma anagwedeza mutu movomereza. Ndinanyada, chitsiru ine.

Kenako magetsi anayamba kuthima tsiku lathunthu. Amayi ankatsitsa bedi m'mawa kuti awasambitse, magetsi n'kupita lisanadzutsidwe. Mota yopanda magetsi imauma gwa, ngakhale mutakankha anthu atatu. Ine ndinkakhala ndili kuntchito. Amayi ndi ochepa thupi, pomwe abambo anali chimunthu. Akawatsamiritsa pamapilo, ankangotsetsereka n'kubwerera chagada. Pobwera madzulo ndinkamva kukhosi kwawo kukulira ndisanatsegule n'chitseko chomwe.

"Iwe, sungapeze mota yomvera manja?" amayi anandifunsa tsiku lina. "Bambo akowa akumira ine ndikuona."

Loweruka lililonse ndinkazungulira tauni. M'masitolo ankanditulutsira mamota a mageti, ena n'kumati ndiitanitse ku Joni. Ndinkapsa mtima ndi aliyense. Amene anapanga bedilo ndinawatukwana mpaka pakamwa kuuma, anthu osadziwa kuti kuli mayiko kumene magetsi amabwera ngati mlendo.

Loweruka lachinayi ndinafika kwa mdala wina wogulitsa zitsulo zakutha chakufupi ndi Thorngrove. Makolo ake anachokera kumudzi ngati athu, ndiye tinkamvana. Ananditengera kuseri, pomwe panali bedi ladzimbiri, nalowetsa dzanja pansi n'kukoka kachogwirira kofiira. Mota inamasuka. Anadzutsa kumutu kwa bedilo ndi dzanja limodzi, fodya ali pakamwa.

"Achimwene, mabedi amenewa wonke amabwera nako aka," anatero. "Angithi, si paja magetsi amapita? Lanu lilibe?"

"Linabwera lilibe," ndinayankha. Ndinatulutsa ndalama n'kugula motayo.

Ndinamanga mota ya mdalayo tsiku lomwelo, koma chibayo chinali chitalowa kale. Nditatuluka pansi pa bedi, ndinakoka kachogwirira kuti amayi aone kagwiritsidwe kake. Abambo anakayang'anitsitsa kwa nthawi, kenako anayang'ana ine. Ndinawerama n'kuyamba kutolera masipanala. Amayi anakakoka masiku asanu okha, tsiku lachisanu ndi chimodzi abambo anatisiya.

Pamaliro amayi ankauza azimayi a mpingo kuti mwana wawo anatha nsapato, kuyenda Bulawayo yense kufunira bambo ake mota. Mpaka lero amanenabe akabwera alendo, ine manyazi akundidya. Munthu yekhayo amene anandiona ndikudula anapita osatha kunena.

Kawayako ndikadali nako m'bokosi la zida. Abambo anandiphunzitsanso kuti waya wabwino satayidwa.