Ulendo Wokamva za Chotupa cha Pachiwindi Changa

Tinakwera minibasi pa Boma ku Mchinji dzuwa litangotuluka, ine ndi achemwali anga aakulu, a Nabanda. Tinkapita ku Lilongwe kukamva zotsatira. Mwezi wapitawo m'mimba munkandipweteka chakumanja, ndipo atandiunika anapeza chotupa pachiwindi. Kuchipatala chachikulu anatengapo kanyama ndi singano kuti akayeze. Ine ndimamwa ma ARV, ndiye mtima unkangoti basi, nthawi yakwana.

Kondakitala anatipanikiza anthu anayi pampando wa atatu, n'kundisanjikanso thumba la mtedza la eni ake pamiyendo. Pa Kamwendo anakwera bambo wina wogulitsa zitenje za ku Chipata. Ataona ndagwira pamimba anafunsa, achemwali n'kumuuza zonse.

"Chiwindi? Pepani mayi," anatero bamboyo. "Mlamu wanga anatupa mimba ngati ng'oma, Khirisimasi sanaione."

"Bambo inu, tazingogulitsani zitenje zanuzo," anamudula achemwali. Koma mawu anali atalowa kale.

Pa Namitete achemwali anagula chimanga chowotcha kudzera pawindo. Ndinatafuna pang'ono n'kuchisiya. Ndinkaganiza za mwana wanga Tadala, yemwe ndinamuuza kuti ndikukagula feteleza. Polowa mu Lilongwe tinadutsa pamene amakhoma mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, maso anabwerera okha.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka masana. Atanditchula dzina, ndinalowa mwa adokotala.

"Mayi, si khansa," anatero adokotala, mayi wachitsikana ndithu. "Chitetezo chikatsika, thupi limalimbana ndi tizilombo mpaka pamalopo kuumbika chotupa. Pazithunzi chimaoneka ngati khansa, n'chifukwa chake tinayeza."

"Ndiye simundipanga opaleshoni?"

"Pakadali pano ayi. Tikupatsani mankhwala, ma ARV musadumphitse, ndipo muzibwera tizichiunika ngati chikuphwa."

Ndinathokoza, ndinatuluka bwinobwino. Koma nditafika panja ndinakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza. Amayi ena odikirira odwala anathamanga kudzandigwira mapewa, wina wayamba kale nyimbo.

"Musapepese, anthuni, si maliro!" anakuwa achemwali, nawonso misozi ili mbwembwembwe. "Amuuza kuti akhala ndi moyo!"

Mwezi wonse ndinadzilira ndekha mwakachetechete, dokotala asananene kanthu. Tsiku limenelo ndinalira pagulu, ndipo amayi aja anakhala nane pansi pomwepo mpaka ndinatha kuimirira.