Dzina Lopanda Mwini

Ndikamva fungo la mafuta a makina osokera litasakanikirana ndi utsi wa makala a m'simbi, ndimaona a Silungwe ali pakhonde pawo ku Misuku, tepi yoyezera ili m'khosi, mapazi akupalasa makina, nkhungu yochokera m'nkhalango ya Mughese isanachoke pabwalo. Anali telala, ndipo nyumba yawo inayandikana ndi yathu. Khirisimasi ikayandikira ankasiya zovala za anthu zili theka n'kumalemba sewero la ana a Sande sukulu.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, m'seweromo munali chiwanda chachikazi chobisala kuchigayo, chonong'oneza amayi mabodza kuti adane. Anasankha ine chifukwa cha manyazi anga, poti chiwandacho chinkavala thumba kumaso ndipo sichinkakweza mawu.

"Nanga tichitche ndani?" anatifunsa tikuyeserera pansi pa mtengo wa mapeyala.

Sindidziwa chinandigwira. "Nakaonga," ndinatero chapansipansi.

Anzanga anafa nacho chiseko. Agogo Nakaonga anali amasiye, okhala okha kumunsi kwa minda ya khofi, ndipo ankatipirikitsa ndi ndodo tikamaba magwafa awo. A Silungwe sanaseke.

"Kwathu kuno dzina loyamba ndi Na lili ndi mwini, lili ndi mtundu wake," anatero. "Limenelo muliiwale."

Anawo sanaliiwale. Sabata isanathe, ankakuwa kuti "Chiwanda Nakaonga!" agogowo akamadutsa. Mwana wina atadwala malungo, ndinamva amayi awiri pamjigo akutsitsa mawu, akuti ana sangangoyamba kunena popanda chimene aona. Kenako denga la agogowo linagendedwa. Anasiya kubwera kumjigo n'kumatsika kumtsinje wakutali ndi miyendo yawo yotupa ija.

A Silungwe anandiitana, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kuwaletsa anawa sikuthandiza. Tiwapatse dzina lina lokoma pakamwa kuposa lija. Unayambitsa ndiwe, mwanawe, ndiye tikalifuna tonse."

Ndinali ndi mantha, komanso ndinkafunitsitsa kuona kuti dzina la chiwanda limapezeka bwanji. Iwo anali ndi njira yawo. Lisayambe ndi Na kapena Nya, lisachokere m'Baibulo, lisakhale la munthu amene anamwalira. Ankalibwereza akusoka, kulitchula ngati Mndali, ngati Mlambya, ngati Mtumbuka, kumvetsera ngati silikutukwana aliyense. Likadutsa pamenepo linkayenera kukaitanidwa pamsika. Wina akavomera, ndiye kuti lili ndi mwini, litayidwe.

Tsiku la msika, atapeka mayina atatu, anandikweza pamulu wa njerwa pafupi ndi ogulitsa nyemba, ine amene ndinkalephera kuyankha ngakhale dzina langa m'kalasi.

"Itana loyamba."

"Zubeda," ndinanong'ona.

"Ukuitana udzudzu kodi? Kweza!"

"Zubeda!"

Mayi wina wa ku Tanzania wogulitsa zitenje anadzuka, manja m'chiuno, akufunsa m'Chiswahili kuti akumufuna ndani. A Silungwe anavula chipewa n'kupepesa.

"Ine ndimayesa ndalipeka ndekha," anandiuza akukanda m'mutu. "Kani ndinalimva pawailesi."

Lachiwiri, Kalikwiti, linabweretsa galu wa wogulitsa nyama akugwedeza mchira. Apa anthu anali atatizungulira, akuseka, ena akufunsa ngati telala wayamba kugulitsa mayina.

"Lomaliza," anatero a Silungwe. "Litulutse lonse."

Ndinatsinzina. "Gwindizya!"

Palibe anavomera, munthu kapena galu. Kenako kamtsikana kena kamene kankadya nzimbe kanabwereza, "Gwindizya," kakulimva kukoma, anzake n'kulandira. A Silungwe anawomba m'manja kamodzi.

"Yewo! Ili ndi la chiwanda basi."

Sewero linachitika, ndipo Gwindizya atathamangitsidwa pachigayo tchalitchi chonse chinaimirira kukuwa dzinalo. Pofika Chaka Chatsopano palibe mwana ankatchulanso Nakaonga. Koma dzina lopanda mwini lija linapeza mwini: ine. Kusukulu, kumjigo, panjira, paliponse ndinali Gwindizya. Ndinapita pakhonde paja ndikulira.

"Munadziwa kuti zitero!"

"Ndinadziwa," anatero osaimitsa makina. "Iwe uli ndi bambo, uli ndi alongo atatu, ndiponso ndiwe mwana. Denga lanu palibe angaligende. Agogo aja ali ndi yani?"

Ndinapukuta misozi n'kubwerera kwathu.

Patapita masiku ndinawapeza agogo Nakaonga pamjigo, ali pamzere ndi amayi ena ngati kale. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona. Sindinadziwe ngati anamva kuti woyambitsa ndinali ine. Ndowa yanga itadzaza anaigwira mbali imodzi, nandisenzetsa, n'kundikonzera nkhata.

"Yenda bwino, Gwindizya," anatero. "Magwafa apsa. Ukabwere udzapemphe."

A Silungwe anamwalira ndili kale pabanja kuno ku Boma. Lero ndili ndi ana awiri, ndipo ndikapita kwathu anzanga akale amandilonjera ndi dzina lomwelo. Amuna anga anafunsapo ngati akawadzudzule. Ndinawauza kuti awasiye. Dzinalo ndi langa, ndinaliitana ndekha pamsika, ndipo agogo aja anamwalira ndi ukalamba m'nyumba mwawo, maliro awo n'kudzaza anthu.